WOPALASA BWATO NDIYE MWINI ULENDO

Caka ndi caka anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America amataya ndalama zoculuka kukwera ndeke ndi kupita ku maiko a nkhalango zowirira, kumene mvula imagwa pafupi-fupi caka conse. Iwo sapita kukagula matabwa kapena kukakumba miyala iai. Cimene amafuna ndico kukhala m'bwato, kuyandama pa mtsinje pakati pa mitengo, ndi kuona nyama ndi mbalame kwao kumene zimakhala. Munthu wa kumudzi amene watha nyengo yonse ya dzinja alikupirikitsa apusi m'munda mwake angaseke pakumva kuti alipo ena amene amalipira kuti aone pusi. Koma nkhaniyi iri yoyenera kuilingalira mofatsa, pakuti paliponse pamene payenda ndalama pamakhala wina wopindula ndi wina wotsala cimanja-manja.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Ulendo wa pabwato wokaona nyama uli wabwino pokha-pokha ngati wopalasa bwatolo ndi wotsogolera alendowo ali mwana wa pa mtsinje womwewo, ndiponso ngati gawo la ndalama za alendo lifika ku mudzi umene iye anabadwira. Pakasowa ziwirizi, ulendowo umasanduka njira ina yodyera eni malo masuku pamutu. Kuti timvane bwino, tiyeni tipenye malo amodzi kumene zinthuzi zayesedwa kwa zaka zoposa 25.

NKHALANGO YOMIRA M'MADZI

Malowo ali ku Brazil, dziko la ku South America, pa mtsinje wa Amazon. Mtsinjewu ndi wotalika makilomita pafupi-fupi 6,400, ndiko kunena kuposa kawiri utali wa Zambezi, ndipo palibe mtsinje wina pa dziko lapansi wothira madzi ambiri m'nyanja yamcere koposa uwu. Munthu akacoka mu mzinda waukulu wa Manaus ndi kulowera kumadzulo makilomita oposa 500, amafika pa tauni ya Tefé, imene iribe mseu woilumikiza ndi mizinda ina, kotero kuti wopita kumeneko ayenera kuyenda pamadzi kapena mumlengalenga. Pafupi ndi Tefé, pakati pa mitsinje ya Solimões ndi Japurá, pali nkhalango yosungidwa yochedwa Mamirauá. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 1,100,000, motero iposa nkhalango yathu ya South Luangwa.

Codabwitsa ca Mamirauá ndi madzi. Caka ciriconse mitsinje imakwera mamita 10 kufikira 12, msinkhu wa amuna asanu ndi mmodzi ataimirirana pamutu, ndipo nkhalango yonse imamira kwa miyezi ingapo. Madzi amafika pacimake ca m'mwezi wa June, naphwa kweni-kweni ca mu October. Eni malo amamanga nyumba zao pa nsanamira zazitali kapena pa zipika zazikulu zoyandama. Amabzala cinangwa madzi akaphwa, nafulumira kucikumba asanabwererenso. Mwana wa kumeneko amaphunzira kugwira nkhafi pa msinkhu umene mwana wa kwathu amaphunzira kugwira khasu.

Mlendo akafika nthawi ya madzi ambiri, bwato la injini limamtula pa nyumba ya alendo, ndipo m'mawa mwake amalowa m'kabwato kakang'ono kopalasa ndi manja. Wotsogolera amakhala kutsogolo, nalowetsa kabwatoko m'nkhalango momwe, m'njira zimene miyezi ingapo yapitayo anthu anali kuyendamo ndi mapazi. Nthambi zimene m'cilimwe zimakhala kumwamba, tsopano ziri pafupi ndi mutu wa mlendo. Injini siiloledwa m'menemo ndipo kulankhula ndi kwa monong'ona, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mlendo payekha angapalase tsiku lathunthu osaona kanthu koma masamba. Wotsogolera ndiye amamva cipatso citagwa m'madzi, nadziwa kuti pamwambapo pali uakari, pusi wa ubweya woyera, wa mcira waufupi, wa nkhope yopanda ubweya yofiira piriwiri. Iye ndiye amaloza cinthu conga cisa ca nyerere pa nthambi, mlendo nazindikira kuti ndi kanyama kamene eni ake amakacha preguiça, kutanthauza ulesi, kamene kamayenda pang'ono-pang'ono ndi kutsika mumtengo kamodzi kokha pa mlungu. Amadziwa mtengo umene ukugwetsa zipatso mwezi umenewo, ndi kuti pansi pake pasonkhana nsomba za tambaqui zimene zimadya zipatsozo ndi kuswa njere zake ndi mano. Amadziwanso pamene pamamanga zisa mbalame ya hoatzin, imene anapiye ake ali ndi zikhadabo pa mapiko; akaona mdani amadziponya m'madzi, ndipo zoopsa zikapita amakweranso mumtengo ndi zikhadabozo.

Pa maiwe akulu pamaoneka boto, nyama ya m'madzi yooneka ngati nsomba yaikulu yofiirira, koma yopuma mpweya ndi yoyamwitsa ana ake. Madzulo, nyali ikaunika pamadzi, maso a ng'ona zakuda za kumeneko amanyezimira ngati makala a moto. Ngakhale jaguar, mbale wake wa nyalugwe, akatswiri anapeza kuti ku Mamirauá amatha miyezi ya cigumula ali m'mitengo, kusaka ndi kugona momwemo. Zonsezi mlendo amaziona ndi maso obwereka. Cimene iye walipira kweni-kweni ndizo nzeru za munthu wakhala kutsogolo kwa bwatoyo.

MABWATO A ALENDO AKALE

Tisaiwale kuti anthu a ku Amazon anaona mabwato a alendo kale-kale, ndipo ambiri mwa mabwatowo sanadze ndi mtendere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 maiko a azungu anafuna mpira wambiri, ndipo mpirawo unali kucokera ku utomoni wa mitengo ya m'nkhalangoyi. Amalonda analemera kotero kuti mu 1896 anatsegula nyumba yaikulu ya zisudzo mu Manaus, yomangidwa ndi zipangizo zocokera ku Ulaya. Koma amene anali kukhetsa utomoniwo anakhala m'ngongole zosatha, ndipo pa mtsinje wa Putumayo eni dziko zikwi-zikwi anafa ndi zikoti, njala ndi nchito yathangata, monga momwe lipoti la Roger Casement linaululira mu 1912. Malonda a mpira atagwa, olemerawo anacoka, amphawi natsala pa magombe.

M'zaka zotsatira kunadza ena ofuna zikopa za ng'ona, ndiponso mabwato akulu a asodzi a m'mizinda okhala ndi maukonde aatali ndi madzi oundana osungiramo nsomba. Nsomba imene inabvutika koposa ndi pirarucu, imodzi ya nsomba zazikulu kwambiri za m'madzi opanda mcere, yotha kufika mamita atatu ndi kulemera makilogalamu 200. Inacepa kotero kuti mu 1996 usodzi wake unaletsedwa m'cigawo conse ca Amazonas.

M'zaka za m'ma 1980 katswiri wa ku Brazil komweko, José Márcio Ayres, anapita ku Mamirauá kukaphunzira za pusi uja wa nkhope yofiira. Ataona kuonongeka kwa nkhalango anapempha boma kuti liichinjirize, ndipo mu 1990 boma la cigawoco linabvomera. Koma panali bvuto. Mtundu wa lamulo limene linaikidwalo sunali kulola anthu kukhala m'kati mwa malo osungidwa, pamene m'menemo munali midzi yambiri. Ayres ndi anzake anaumirira kuti nkhalango yaikulu cotere siingalondedwe ndi alonda owerengeka a boma, ndi kuti alonda ake eni-eni ndiwo anthu okhalamo. Mu 1996 lamulo linasinthidwa, Mamirauá nakhala malo oyamba mu Brazil a mtundu watsopano, m'mene eni malo amaloledwa kukhala, kulima, kusodza ndi kutengako mbali poika malamulo. Ayres anamwalira mu 2003, koma nchito yake ikupitirira mwa bungwe la Instituto Mamirauá limene liri ku Tefé.

ASODZI OWERENGA NSOMBA

Apa ndipo pali phunziro limene ndifuna kuti awerengi alisunge. Pirarucu siitha kukhala pansi pa madzi nthawi yaitali. Iyenera kubvuuka kudzapuma mpweya pa mphindi 15 kapena 20 zirizonse. Asodzi akale a ku Mamirauá, amene anakulira kuilasa ndi mkondo, anati angathe kuwerenga nsombazi m'dziwe mwa kupenya ndi kumvera kabvuukidwe kake, ndi kusiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono. Wofufuza wina, Leandro Castello, anayesa mau ao. Anagwira nsomba ndi maukonde, naziika zizindikiro, naziwerenga mwa njira ya ophunzira, ndipo poyerekeza anapeza kuti ciwerengero ca asodzi ozolowera cinali kugwirizana ndi cake. Zotsatira zake anazifalitsa mu 2004.

Kuyambira mu 1999 midzi ya dera la Jarauá inaloledwa kusodzanso pirarucu, koma motsata cipangano. Caka ciriconse madzi akaphwa asodzi amagawana dziwe, aliyense pambali pake, nakhala cete kwa mphindi 20 alikuwerenga. Boma limalola kupha zosapitirira 30 mwa nsomba zazikulu 100 zirizonse zowerengedwa. Yosafika mita imodzi ndi theka siiphedwa, ndipo nthawi yoswana usodzi umatsekedwa. Maiwe ena amapatulidwa kuti akhale oswaniramo okha-okha, ndipo eni midzi amalondera mosinthana usana ndi usiku. Mu 1999 m'deralo munali pirarucu zoposa pang'ono 2,000. Pofika mu 2006 zinapitirira 20,000. Njirayi tsopano yafalikira ku madera ena ambiri a Amazon.

Wina angafunse kuti usodzi ukhudzana bwanji ndi alendo. Yankho nlakuti dziwe limene liri ndi mlonda limasunga zonse ziri m'menemo. Kumene ukonde wa wakuba sulowa, ng'ona, akamba ndi mbalame zimaculukanso, ndipo ndizo zimene mlendo adzera. Msodzi amene wawerenga nsomba mu October ndi yemweyo, kapena mphwake, amene adzapalasa mlendo mu June.

Nyumba ya alendo ya ku Mamirauá, yochedwa Uakari Lodge, inayamba kulandira anthu mu 1998. Ndi timanyumba towerengeka toyandama pamadzi, tokwera ndi kutsika pamodzi ndi mtsinje, ndipo sitilandira khamu la anthu pa nthawi imodzi. Otsogolera alendo, ophika, oyendetsa mabwato ndi osamalira zipinda, ambiri ndi a m'midzi yozungulira, ndipo ali ndi bungwe lao-lao. Amagwira nchito mosinthana, kotero kuti munthu akatha masiku ake amabwerera ku munda ndi ku ukonde wake, mnzake nalowa m'malo. Nsomba, zipatso ndi ufa wa cinangwa zimagulidwa kwa alimi a komweko, ndipo gawo la ndalama za alendo limapita ku nchito zimene midzi yasankha.

ZOTSUTSA ZIRIPO

Sindinena kuti ulendo uliwonse wa pabwato ku Amazon uli wotere. Kufupi ndi Manaus kwakhala maulendo a tsiku limodzi m'mene alendo amapatsidwa nyama kuti azinyamule pojambulitsa. Bungwe la World Animal Protection linaulula mu 2017 kuti nyama zambiri zotere, maka-maka kanyama ka ulesi kaja, zimagwidwa m'nkhalango, zisungidwa mozunzika, ndi kupatsirana m'manja mwa alendo kufikira zitafooka. Kwina boto amazolowezedwa kudya nsomba za m'manja mwa anthu kuti alendo amkhudze. Amene amacita izi kawiri-kawiri ndi amphawi olandira tindalama tocepa, pamene phindu lalikulu limatsalira eni mabwato a mumzinda. Kumeneko wopalasa ali wanchito cabe, alibe mau pa za mawa la mtsinje, motero alibe cifukwa coleka kugwira kanyama kena mawa. Izi zitsimikiza mau anga oyamba aja.

Cotsutsa caciwiri ncolemera koposa. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu 2020, matenda a Covid-19 atabuka, ndeke zinaima ndipo alendo analeka kubwera kwa miyezi yambiri. Mu 2023 kunagwa cilala coopsa. Pa doko la Manaus madzi a mtsinje wa Negro anatsika kuposa caka cina ciriconse kuyambira pamene anayamba kuwayesa mu 1902, ndipo mu 2024 anatsika koposanso. M'nyanja ya Tefé, kumapeto kwa September 2023, madzi anatentha kupitirira madigiri 39, ndipo a boto ndi anzao a mtundu wina oposa 150 anafa m'masabata owerengeka. Midzi yambiri inatsala kutali ndi madzi, yopanda njira yopitira ku cipatala kapena ku msika. Ife amene tinaona cimanga cikuuma m'minda kuciyambi kwa 2024 tidziwa kuti cilala sicipatula munthu.

Cotsutsaci ndicibvomera, koma cimene ciphunzitsa ndi cakuti mudzi usaike moyo wake wonse pa alendo. Apa mpamene nzeru ya kusinthana nchito ionekera. Wotsogolera amene sanataye munda wake wa cinangwa ndi malo ake pa gulu la asodzi anali ndi pogwira alendo atasowa. Ndalama za alendo zikhale ndiwo, nsima ikhalebe ya m'munda.

Cacitatu, nyama zimene mlendo amakondwera nazo ndi zomwezo zimene zimasautsa eni malo. Ng'ona yakuda imang'amba maukonde ndipo nthawi zina imagwira munthu. Jaguar amagwira nkhumba, agalu ndi ng'ombe. Mlendo amajambula ndi kupita, koma mai wotunga madzi pa gombe amakhala nayo ng'onayo caka conse. Ndiye cifukwa cake ndinena kuti kupereka gawo la ndalama ku mudzi si cifundo ca mwini nyumba ya alendo. Ndi malipiro oyenera kwa anthu amene asenza mtolo wa kukhala pamodzi ndi zirombo. Amene alandira zowawa zokha, tsiku lina adzachera msampha, ndipo palibe mlonda wa boma amene adzamletsa.

NANGA KWATHU KUNO?

Ife tiribe nkhalango yonga ya Amazon, koma funso la yemwe apindula ndi alendo silacilendo kwa ife. Mu 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda, pomvana ndi Norman Carr, inapatula gawo la dziko lake m'Cigwa ca Luangwa kuti alendo azidzaona nyama, ndipo ndalama zolowera zinali kupita ku thumba la ufumuwo. Zimenezi zinacitika zaka 46 lamulo la Mamirauá lisanasinthidwe. Masiku ano m'miyezi ya dzinja, Luangwa akadzaza ndi kusefukira m'nkhalango za m'mbali mwake, alendo amayenda ndi mabwato kuona mvuu, njobvu ndi mbalame. Ku madambo a Bangweulu amapalasidwa m'mabwato kukafuna mbalame ya shoebill. Lamulo la nyama zakuthengo la 1998 linakhazikitsa makomiti a Community Resources Board kuti anthu okhala m'malire a nkhalango akhale ndi mau ndi gawo pa cuma ca nyama, ndipo lamulo la 2015 linawasunga.

Makomiti amenewa ali ndi mphamvu pokha-pokha ngati anthu wamba afika pa misonkhano ndi kufunsa. Pamene wina adza kwa mfumu kudzapempha malo a pa gombe kuti amange nyumba ya alendo, anyakwawa ndi anthu ao ayenera kudziwa zinthu zingapo cala cisanadinde pa pepala. Ndi ana angati a m'deralo amene adzaphunzitsidwa kufikira atalandira ziphaso za kutsogolera alendo, osati kungotsuka mbale ndi kusesa pabwalo? Gawo la mudzi ndi lotani, lidzalengezedwa liti, ndipo pamaso pa yani? Kodi madoko a asodzi ndi potungira madzi padzatsala potseguka? Wopha ng'ombe kapena kuononga munda akakhala nyama ya m'nkhalango, adzathandiza mwini wake ndani? Safunsa anadya phula.

Kwa asodzi athu, amene amadandaula caka ndi caka usodzi ukatsekedwa kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, nkhani ya Jarauá iri ndi mau. Anzao a kumeneko anasunga cipangano cifukwa anawerenga okha nsomba, nalondera okha maiwe, naona ndi maso ao ciwerengero cikukwera. Lamulo limene munthu wathandiza kulipanga salithyola msanga.

Kwa anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje ndinena izi: musanyoze nzeru za agogo anu. Nkhalamba imene idziwa pamene ng'ona iikira mazira, kulira kwa mbalame iriyonse, ndi njira ya bwato pakati pa mvuu, iri ndi cuma cimene anthu amaoloka nyanja kudzacigula. Khalani nayo pansi ikali ndi moyo, mufunse, mulembe maina a mitengo ndi a mbalame m'cinenero canu. Pamwamba pa izo onjezani sukulu, Cingerezi, ndi ciphaso ca boma. Mukatero, tsiku limene bwato la alendo lidzaima pa doko la kwanu, wokhala kutsogolo ndi nkhafi m'manja adzakhala inu, ndipo mudzakhala ndi mau pa mtengo wa ulendowo.